Lachiwiri la Makoswe

Rukiya anali atatha zaka zinayi akusamalira makoswe oyera m'labu ina ku Joni. Onse anali aakazi, odwalitsidwa dala zotupa za m'chiberekero kuti madokotala ayeserepo mankhwala. Iye ankawasinthira utuchi ndi madzi, ndipo Lachiwiri lililonse ankawagwira limodzilimodzi pamene kamakina ka sikani kankayenda pa timimba tawo.

Nayenso anali ndi chotupa chake. Chinkamutayitsa magazi masiku khumi ndi awiri pamwezi, moti m'tekisi yochokera ku Hillbrow ankakhalira chitenje chopinda kanayi. Kuchipatala anadikira miyezi isanu ndi iwiri kuti amupatse tsiku la sikani. Tsikulo linagwa Lachiwiri.

Anakaonetsa khadi lakuchipatala kwa Fikile, woyang'anira labuyo.

"Hayi sisi, osati Lachiwiri," anatero Fikile. "Tsiku lina lililonse ndikulola."

"Tsikuli sindinasankhe ine, abwana. Anzanga a ntchito Angella angathe kuwagwira."

"Makoswewa sakumudziwa Angella. Anazolowera manja ako ndi fungo lako. Akagwidwa ndi mlendo amanjenjemera, kamtima kamathamanga, zotsatira zonse n'kuwonongeka. Ntchito ya chaka chathunthu imeneyo."

"Inenso ndimanjenjemera, abwana."

Fikile anayang'ana pansi. Sanali munthu woipa mtima.

"Tiyambe sikisi koloko. Pofika naini ukhala utanyamuka."

Anayambadi sikisi. Koma khoswe la makumi awiri ndi atatu linapezeka ndi chotupa chopitirira muyezo, ndipo lamulo la m'labumo limati nyama yotere isavutike ngakhale ola limodzi. Anaitana dokotala wa ziweto, yemwe anachedwa pamsewu. Anadzaza mafomu atatu. Dokotala atalibaya jakisoni, Rukiya analifungatira m'chikhatho, akulisisita pamsana ndi chala, mpaka linasiya kupuma. Anavula magolovesi dzuwa lili pamutu.

Kuchipatala anapeza mabenchi opanda anthu, nesi akusonkhanitsa mafayilo.

"Mama, a sikani tinawaitana m'mawa. Dzina lanu ndinalitchula katatu. Munali kuti?"

"Kuntchito."

"Ntchito yanji yoposa mimba yanu?"

Rukiya anapereka khadi lija. Akanayambira pati kufotokoza?

Nesi anakhwatcha tsiku lakale, nalemba lina pansi pake: Juni, chaka chamawa. Anamukankhira khadi osamuyang'ana.

Rukiya anakhala kaye pabenchi, miyendo ataiphatikiza. Magazi anali atayambanso, ndipo chimbudzi chinali kumapeto kwenikweni kwa khonde.