Cholembera Chofiira cha Aphunzitsi Mfedal

Mfedal anaimitsa filimu kachitatu, nagogoda tebulo ndi cholembera chake chofiira. Zaka makumi atatu anaphunzitsa Chisipanishi m'sukulu za mumzinda wa Tetouan, ndipo ankadzitama kuti palibe mwana anatuluka m'kalasi mwake asanamvetse. Lero Houria, mmodzi mwa ana omwewo, ndiye amafuna kuti afufute ntchito yake.

Houria ankayang'anira kagulu koonetsa mafilimu m'holo yakale ya kufupi ndi msika. Anapempha aphunzitsi akewo kuti amasulire m'Chiarabu filimu ya ku Spain, mawu azioneka m'munsi mwa chithunzi. Inali nkhani ya mayi wosoka zovala amene ankamva makina a malemu mkulu wake akulira m'chipinda cham'mwamba. Koma Mfedal sanalekere pa zolankhula. Paliponse pamene osewera anali chete, iye analembapo zake: "Uwu ndi mzukwa wa mkulu wake." "Akatsegula chitseko apeza makina akusoka okha."

Houria anayamba ndi kufunsa za miyendo ya aphunzitsiwo ndi za amayi kunyumba, kenako ananena chapansipansi kuti anthu akauzidwiratu saopa.

"Ndiye akhale mumdima osadziwa kanthu?" anatero Mfedal. "Iwe, ndinakuphunzitsa kusiya funso lopanda yankho?"

"Ayi, Aphunzitsi. Koma mzukwa si mayeso."

Mfedal anamuyang'ana cha pamwamba pa magalasi mpaka Houria anazyolika. Anamuuza kuti akachotsa liwu limodzi achotsenso dzina la womasulira, ndipo asadzapondenso pakhomo pake. Houria sanachotse kanthu.

Lachisanu masana, anthu atachoka ku mzikiti, holo inadzaza. Mfedal anakhala kutsogolo atavala mkanjo wake woyera. Magetsi atazima linayamba phokoso la masiku onse: mano akuswa nthanga za mpendadzuwa, makoko akugwera pansi. Mayi wa mufilimu uja anayamba kukwera masitepe, mawu a Mfedal atamutsogolera kale.

"Mayi iwe, ingowerenga pansipa, usavutike n'kukwera!" anafuula munthu wina kumbuyo.

Holo yonse inafa ndi phwete. Anthu osaleredwa, anatero Mfedal mumtima, kuwapatsa nyale iwo n'kumaseka.

Cha kumapeto kwa filimuyo panali malo amodzi amene sanalembepo kanthu. Anawaonera kasanu kunyumba osapeza chonena, ndipo ankachita nawo manyazi. Mayi uja wakhala pampando, manja ali pamiyendo. Ulusi ukutuluka pang'onopang'ono pa makina, kulowera kumene chithunzi sichikufika. Iye sakuyang'ana ulusiwo. Akuyang'ana m'mwamba pang'ono, pa msinkhu wa munthu woimirira.

M'munsi mwa chithunzi munali mdima wokhawokha.

Kuswa nthanga kuja kunayamba kuchepa, mzere ndi mzere, mpaka kunatheratu. Ngakhale wachipongwe uja anatseka pakamwa. Mfedal anadikira kuti wina afunse tanthauzo. Palibe anafunsa. Atayang'ana pansi anapeza zala zake zitafinya mkanjo pa bondo.

Magetsi atayaka sanapatse munthu moni. Anakodola Houria, nalanda mapepala a mawu a filimu aja amene anali m'manja mwake.

"Dzina langa usalichotse," anatero osamuyang'ana. "Ndipo usaime pamenepo ngati mzati, ukunditchingira kuwala."

Anakhala pansi pakati pa makoko a nthanga, natsegula cholembera, nayamba kufufuta mawu amene anawonjezera aja. Pofika tsamba lachitatu, pepala linali litafiira ngati la mwana wolephera.