Chitsitsimutso Chopanda Limba

"Ndiye kuti dokotala woimba limba?" anafunsa Alvin Pettiford, akutembenuza nsomba m'chiwaya. "Wodwala akabwera mutu ukumupweteka, uzidzamuimbira nyimbo ya maliro?"

Mwana wake Lenora anaseka, koma mtima sunali m'malo. Anali atachoka ku yunivesite kudzagona kunyumba usiku umodzi, atasenza nkhani yolemera.

Kuno ku Georgia munthu salowa sukulu ya udokotala asanatenge digiri yoyamba, ndipo digiriyo ikhoza kukhala ya phunziro lililonse, bola akhoze sayansi imene sukuluzo zimafuna. Lenora anasankha nyimbo, sayansiyo n'kumaiphunzira pambali. Zaka ziwiri zinayenda bwino. Tsopano kemisitiri inaikidwa Lachinayi masana, nthawi yomwe kwaya ya yunivesite imakumana, ndipo wophunzira nyimbo saloledwa kujomba kwaya.

"Njira zilipo ziwiri, bambo," anatero Lenora. "Ndisiye nyimbo nditenge bayoloje ngati anzanga, kapena nditsale kusukulu patchuthi chachikulu, ndiphunzire kemisitiriyo."

Alvin anazimitsa moto. "Tchuthi chonse? Mpaka Ogasiti?"

"Mpaka kumapeto."

Mu Ogasiti mpingo wawo wa Baptist umachita chitsitsimutso, ndipo abale ochokera ku Detroit ndi ku Chicago amabwerera kwawo ku Georgia kudzapemphera ndi kudzaona manda. Amayi ake a Lenora, a Corinne, ndiwo ankaimba limba sabata imeneyo. Chimwalirireni iwo, Lenora ndiye ankakhala pampando wawo, Alvin ali pabenchi la madikoni, maso ali chotsinzina.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero Alvin. "Tenga bayoloje, mwanawe. Limba uzidzaimba kwanu kuno, kwaulere."

"Si inu munatiphunzitsa ku Sande sukulu za wantchito amene anakwirira talente?"

"Taonani mwanayu! Akundilalikira ndi ulaliki wanga womwe."

"Bambo, amayi ali m'chipatala, madokotala ankabwera, n'kuyang'ana makina, n'kutuluka. Mmodzi yekha, mayi wamfupi uja, ndiye anamva kuti mpweya wawo wasintha asanayang'ane chilichonse. Khutu lotere ine ndaliphunzira pa limba. Sindikufuna kulitaya ndisanafike n'komwe kwa odwala."

Alvin anaika nsomba m'mbale, koma sanadye. Anadziwa kuti sakulimbana ndi nyimbo. Chimene ankaopa chinali kuona mpando wa Corinne uli wopanda munthu, abale onse atadzaza tchalitchi.

"Ukatenga bayoloje, ubwera mu Ogasiti," anatero motsitsa mawu.

"Ndibwera. Mukanena kuti nditero, nditero."

Alvin anamuyang'ana nthawi yaitali. Zala za mtsikanayo zinkayenda pathebulo ngati zikufunafuna nyimbo, iye osadziwa. Amayi akenso ankatero akamadikira yankho.

"Agogo ako sanalionepo limba m'tchalitchi muja," anatero pomaliza. "Dikoni ankatchula mzere umodzi wa nyimbo, mpingo n'kuulandira, kuukoka pang'onopang'ono mpaka denga kunjenjemera. Mulungu ankamva bwinobwino."

"Inu mungatchule mizere? Ndi mawu anu a chule aja?"

"Chule analengedwanso ndi Ambuye. Idya nsomba, ikuzizira."

Lenora anatsala kusukulu. Lamlungu loyamba la chitsitsimutso, Mayi Odessa Tull, mlembi wa mpingo, anafunsa ngati aitane woimba limba wa mpingo wina.

"Ayi," anatero Alvin. "Mwini wake ali kusukulu, akuphunzira kuchiritsa."

Anaimirira kutsogolo, pafupi ndi limba lotseka. Anatchula mzere woyamba, mawu ake n'kusweka pakati. Kenaka nkhalamba ina kumbuyo inaulandira mzerewo, mpingo wonse n'kutsatira, ndipo Alvin anapuma mozama, natchula wachiwiri.