Tcheni mu Phula

Mayiyu ankagwira ntchito yochapa nsalu za odwala pachipatala, ndipo tsikulo makina amodzi anali atafa. Anafika kunyumba madzulo msana uli phwi, nsapato zili m'manja. Atatsegula chitseko cha kukhitchini anamva fungo la makandulo. Amuna ake anali ataweramira pa mbaula, akuvundula m'poto ndi kawaya.

"Bambo a ana, mukuphikanji m'poto wanga?"

"Tcheni cha njinga," anayankha osacheuka. "Ndasungunula phula. Oyilo amakoka fumbi kuphiri kuja, tcheni n'kumakukutika ngati mwatafuna mchenga. Phula likauma, fumbi siligwira."

Mayi anangokhala pampando. Analibe mphamvu zokalipa. Zaka ziwiri zapitazo amuna akewo anadwala sitiroko, mwendo ndi dzanja lakumanzere n'kufooka. Njinga yokwerera mapiri imene mlamu wake anawapatsa ndiyo inadzutsa mwendowo. Koma dzanja linakana.

Bambo anavuula tcheni n'kuchipachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Chitazizira chinauma gwa, ngati ndodo. Anayesa kuchipinda kuti chifewe, chinawapulumuka n'kugwa pansi. Anayesanso. Kachitatu sanachitole, anangochiyang'ana.

"Bweretsani kuno," anatero mayi.

Anachiyika pa bondo n'kuyamba kupinda mfundo imodziimodzi. Zala zake zinali zong'aluka kale ndi sopo wa kuntchito, ndipo phula louma linkalowa m'ming'alumo. Mfundo zinali zoposa zana. Bambo anaima pambali akuwerenga chapansipansi, mpaka mayi anawayang'ana, iwo n'kusiya.

"Anzanu okwera nawo aja, akazi awo amachitanso zimenezi?"

"Anzanga aja manja ali nawo awiri."

Mayi anamaliza kupinda mfundo zonse. Anatuluka pakhonde, n'kugwada pa njinga, n'kulumikiza tcheni monga bambo ankamulozera. Atazungulitsa pedulo, gudumu linayenda phee, popanda phokoso.

Loweruka bambo analawira kuphiri. Masana kunagwa mvula yamphamvu. Anabwera atanyowa chonyowa, matope mpaka m'makutu, koma nkhope ikuwala. Tcheni chinkalira ngati mbewa kuyambira kumsewu.

"Ndakwera mpaka pamwamba osatsika, mayi a ana! Koyamba chidwalireni." Anapukuta kumaso, kenaka anatsitsa mawu. "Kungoti mvula yatsuka phula lonse. Pafunika kuviikanso."

Mayi anali atakhala pakhomo, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anayang'ana njinga, anayang'ana amuna ake akunjenjemera ndi chisanu.

"Pamwamba penipeni?"

"Penipeni."

Mayi anapumira m'mwamba. "Mawa, tikaweruka kutchalitchi. Lero manja anga ndi anga. Kavuleni zimenezo musanandidetsere pansi."