Asisi Owerenga Kawiri

Asisi anga amagwira ntchito kufamase, ndipo chilichonse amachiona kawiri. Mapilisi amawerenga kawiri. Chitseko akakhoma amabwerera kukachigwedeza. Anthu amaseka, koma ife a m'nyumba timadziwa chifukwa chake: kale anapatsapo mwana wa eni mankhwala olakwika, mwanayo anagona m'chipatala sabata yathunthu.

Chaka chatha analemba mayeso olowera digiri yachiwiri. Funso lililonse ankati akayankha, n'kubwereranso. Nthawi inatha mafunso khumi ndi anayi asanawakhudze n'komwe. Analephera. Ndiye kusukuluko amalola kuyesa kawiri kokha basi, ulendo uno ndi womaliza.

Amuna awo, alamu anga atelala, ndi amene anapeza nzeru. Loweruka masana anachotsa makina patebulo, n'kuyalapo mafunso a mayeso akale, n'kutchera wotchi ya pafoni, n'kutenga kachidutswa ka nsalu. Asisi akangoyankha funso, alamu nsalu pamwamba pa funsolo.

"Chotsani, bambo a mwana, ndingoonako pang'ono."

"Mayi, chosokedwa chasokedwa. Pitani kutsogolo."

"Nanga ngati ndalakwitsa?"

"Ndiye mwalakwitsa. Pepala silikomoka."

Asisi anaika pensulo pansi. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Mwana wa eni uja anakomoka."

Alamu anazimitsa wotchi, n'kukhala kanthawi akupinda kansalu kaja.

"Pepani, ndayankhula mopusa," anatero. "Kufamase muziwerenga kawiri mpaka mudzakalambe. Koma papepala apa palibe mwana wa munthu. Amene akuvulala ndi inu."

Asisi anapukuta m'maso, n'kuwalanda alamu kansaluko, n'kuphimba okha funso lija. Ndinaona ndi maso angawa.

Anachita zimenezi masabata asanu ndi awiri.

Tsiku la mayeso m'mawa tinatuluka tonse. Asisi anakhoma chitseko, anayenda mpaka pageti, n'kuima. Ine ndinadziwa kuti akufuna kubwerera. Anaima, anaima, kenako anaponya makiyi m'chikwama n'kulowa mumsewu.

Madzulo anafika atatopa, milomo itauma.

"Mwamaliza?" anafunsa alamu.

"Onse, mpaka lomaliza," asisi anatero akuvula nsapato. "Koma lachisanu ndi chiwiri lija likundiwawa mpaka pano."

Zotsatira sizinatulukebe. Kansalu kaja kali m'chikwama mwawo, ndakaona.