Nyimbo ya Nambala Seveni

"Kamemore kameneka ndikutenga, Amayi, ndipo musandiyang'ane choncho. Mwatichititsa manyazi pamaso pa anthu a Mulungu."

Ameneyo ndi mwana wanga woyamba, amene ine ndimamutchula Mtumiki chiyambire pamene anayamba kuvala zoyera Lachiwiri lililonse. Anaima pakhomo la chipinda changa, dzanja m'chiuno. Mlandu wanga unali woti iye ndi amayi anzake akupemphera pabalaza, ine kuseri kwa khoma ndinatsegula rumba. Sindinachite dala. Chabwino, voliyumu ndinakweza dala, koma nyimboyo inangofika nthawi yake.

"Nyumba ino ndi ya mchimwene wako," ndinatero. "Mapemphero akowo bwanji osakachitira kwako? Kapena mipando ya kuno ndiyo yofewa?"

Mpongozi wanga anali kukhitchini. Ndinamva supuni ikugwa, kenako chifuwa chabodza. Iyeyo ndi Mtumiki sanakondanepo chikwatiwire m'banja muno, ndipo ine, kunena zoona, sindinayesepo kuwagwirizanitsa. Munthu maso atachita ng'ala ngati ine, uoneranso chiyani?

Mtumiki anazula kamemore m'kawailesi kanga n'kupita nako. Mawa lake anabwera nako akumwetulira.

"Ndakuikirani zopatsa moyo, Amayi."

Ndinadina. Ulaliki. Ndinadinanso. Ulaliki wina, bambo akukuwa ngati wapsa ndi madzi otentha. Ndinadina mpaka chala kuwawa. Nyimbo zanga zonse sate-thuu anali atafufuta.

Ine sukulu sindinapiteko, mayina a nyimbo sindiwadziwa. Ndimazidziwa ndi chala: dina kangapo, ufika pakuti. Moyo wanga wonse ndagwira ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba za anthu, ndipo nyumba iliyonse inandisiyira nyimbo yake. Kwa mwenye wa sitolo ya nsalu ndinatengako kamkazi ka mawu opyapyala ngati ulusi. Kwa mzungu wina wokalamba, gitala wolira ngati munthu amene mkazi wamuthawa, galu n'kumuferanso. Kumalo ogona madalaivala a mathiraki ndinapezako rumba, imene imakuwongola msana uli pa simbi. Rege inalimo, malipenga analimo, kwaya nayonso inalimo, pakuti ine si mdani wa Mulungu. Malemu bambo awo a anawa ndiwo anazisamutsa kuchoka pa makaseti, makasetiwo n'kutaya.

Sindinalire. Ndinakhala pabedi n'kuyamba kuziimba chamumtima, kuyambira yoyamba, kuti zingandithawe m'mutu.

"Valani nsapato, Amayi," anatero mpongozi tsiku lachitatu. "Tipite kwa wobena nyimbo."

Ndinadziwa kuti sakuchitira ine, akufuna kupweteka mlamu wake. Koma nsapato ndinavala.

Kashopuko kanali kopanikiza, konunkha waya wopsa, fani ili duu pakona osazungulira. Mwini wake, bambo wa mawu aulesi, anali kuseri kwa kompyuta.

"Mayina a nyimbozo, agogo?"

"Ndilibe."

"Oimba ake?"

"Sindinadye nawo."

"Nanga ndizipeza bwanji?"

"Makutu muli nawo? Tcherani."

Ndinayamba ndi ya amwenye, m'chimwenye changa chimene ndachipanga ndekha zaka makumi anayi. Mpongozi anabisala kumbuyo kwanga. Anthu odutsa anaima pakhomo, mtsikana wina wodzakonzetsa foni anaseka mpaka kutsamwa.

"Seka, mwanawe, mano akadalimo," ndinatero, n'kupitiriza.

Bambo uja anagogodagogoda pa kompyuta n'kuliza ina. "Iyi?"

"Imeneyo ndi mng'ono wake. Yanga imayamba ndi ng'oma, kenako mkazi amadandaula, mwamuna amamuyankha zabodza."

Anaipeza. Itayamba, tsitsi linandinyerenyetsa. Ndinamva fungo la nsalu zatsopano ngati ndili m'sitolo muja. Tinapitako masiku anayi. Pofika tsiku lachitatu ulesi unali utamuthera, amandisungira mpando, ndipo rumba ikalira amamenya tebulo ndi cholembera. Anafuna kundikonzera bwino, akuti za kwaya pazokha, rumba payokha.

"Musayerekeze," ndinatero. "Ukalira ndi gitala, rumba ibwere ikupukute misozi. Ukavina kwambiri, kwaya ikukumbutse kuti udzafa. Ziikeni mmene ndikuimbiramu."

Zonse anazipeza kupatula nambala seveni. Ndinamuimbira katatu. Anafufuza, anaimbira foni mnzake, ine n'kuimbanso pafonipo.

"Iyi kulibe, agogo. Anaimba ndani?"

"Mwana wanga."

Anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, Mtumiki yemweyu, asanadziwe kukalipa. Anaimba yekha kutsogolo kwa kwaya ya ana, bambo ake akujambula ndi wailesi yobwereka. Chapakati pake bambo akewo amatsokomola, wina n'kuwauza kuti shii. Padziko lonse nyimbo imeneyo inali pa kamemore kanga basi.

Mpongozi anafunsa kuti, "Alamu akudziwa?"

"Adziwa bwanji? Sanamvere n'imodzi yomwe. Anangofufuta."

Pobwerera ndinamuuza kuti asakanene. Ndivomere, ndinanena motsitsa mawu, galimoto ikudutsa.

Lachiwiri amayi oyera aja anabweranso. Ine ndinasiya chitseko changa chotsegula pang'ono. Atanena ameni, mpongozi analowa ndi tiyi, makapu akulira pathireyi.

"Alamu," anatero mokoma ngati shuga, "paja munali ndi mawu abwino muli mwana. Amayi anasunga nyimbo yanu zaka zonsezi. Zachisoni kuti munadzifufuta nokha."

Pabalaza mayi wina anaika kapu pansi mosamala. Kenako mapazi, ndipo Mtumiki anali pakhomo panga.

"N'zoona, Amayi? Inalimo?"

"Pakati pa rumba ndi ina ya amwenye."

"Pakati pa rumba?"

"Ndipo inkakhala bwinobwino, sinadandaulepo."

"Bwanji osandiuza?"

"Unandifunsa?"

Ndinali nditakonza mawu ena ambiri, akuthwa, amene ndinawanola sabata yonse. Koma sanandipatse mpata. Anakalowa kubafa n'kutsegula mpopi, madzi anatayika nthawi yaitali. Amayi anzake anatsanzika okhaokha, tiyi osamaliza.

Papita miyezi itatu tsopano. Mapemphero anasamukira kwake, pa mipando yake yolimba. Mwana wanga wamwamuna anayesa kunena kuti mkazi wake analakwitsa kuyankhula pagulu, ndiye mkaziyo anakhala sabata ziwiri akumupatsira chakudya osamuyang'ana. Kenako anayesa kuuza mchemwali wake kuti naye analakwitsa, mchemwaliyo anamudulira foni. Pano akabwera ku ntchito amayamba wakhala m'galimoto kaye, kusuzumira kuti m'nyumba muli ndani.

Ine nyimbo zanga zikulira. Rumba ikatha ndimaimitsa wailesi, ndiimbe ndekha nambala seveni, ndi chifuwa cha bambo ake a Mtumiki chomwe pamalo pake.

Sabata yatha Mtumiki anabwera kudzandithira mankhwala m'maso, nthawi ya nambala seveni n'kukwana iye ali pomwepo. Ndinaimitsa wailesi n'kuyamba, nkhope ili chagada, mankhwala akutsika m'masaya. Ndili pakati anandigwira paphewa.

"Pamenepo mawu amakwera, Amayi. Inu mukutsitsa."

"Ndiye imba iweyo."

Anatsegula pakamwa, ndinamva mpweya. Kenako anatseka kabotolo, n'kukaika pawindo. Potuluka anakumana ndi mlamu wake m'kanjira kopita kukhitchini atanyamula beseni la zovala. Anapatukirana bwinobwino, aliyense kukhudza khoma lake, popanda moni.

Ine ndinadina nambala eyiti, n'kukweza.