Kumene Mpando Umapita Masana

Boma litachepetsa antchito ake, a Davison anali mmodzi mwa anthu ambirimbiri amene anauzidwa kuti asabwerenso ku maofesi a ku City Centre. Chinawazunguza mutu Lolemba lotsatira n'chakuti sankadziwa pamene mwamuna amakhala masana pakhomo pake, pakuti nyumba yawo ya ku Area 3 ankangoidziwa m'mamawa ndi madzulo.

Anatuluka pakhonde kuti akhale pampando wawo wa nsungwi, koma sanaupeze. Anatsatira mizere imene miyendo yake inasiya pafumbi mpaka kuseri kwa nyumba. Kumeneko anapeza mayi wachilendo ataukhalira, akazi awo, a Alinesi, akumuluka tsitsi, amayi ena akudikira pamkeka.

"Kodi mpando wanga umagwira ntchito?" anafunsa a Davison.

"Unayamba kalekale, abambo. Ndinkaubweza musanatsike minibasi," anayankha a Alinesi.

"Umenewutu boma silingauchotse," anatero mayi wolukidwayo, ndipo apamkeka anaseka chobisa nkhope.

A Davison anaunguzaunguza, nafunsa motsitsa mawu, "Nanga ine malo anga ali pati?"

A Alinesi anawayang'ana kanthawi, kenaka anawayalira meshi pamkono. "Imani apa, muzindipatsira pang'onopang'ono. Musaisokoneze."

Anaima, taye ili m'khosi, maso ali pa zala za akazi awo zimene zinkathamanga mwa njira imene anali asanaionepo.

"Nanga n'chifukwa chiyani mwayambira kunkhongo?" anafunsa.

"Senderani kuno muone," anayankha a Alinesi, ndipo a Davison anasendera.