Malinki a Achimwene Vincent

Achimwene anga a Vincent ndi anzeru, koma nzeru zawo ndi zija zodzikumbira nazo dzenje. Ndiwo analemba pulogalamu ya pa kompyuta yomwe timakonzera mapepala a katundu wa mathiraki ku ofesi ya bwana wathu a Kinsley, pa boda la Mwanza. Ine ndine Maureen, wongotayipa.

Pulogalamuyo ili ndi buku la malangizo lomwe kompyuta imapanga yokha kuchokera pa ndemanga zimene achimwene analemba mkati mwake. Zikavuta umadina linki, nkukufikitsa pa fayilo yofotokoza chochita. Koma linki iliyonse inali ndi adiresi yonse ya laputopu yawo, mpaka dzina lawo. Ukadina pa kompyuta ya mu ofesi, imangoti fayilo palibe. Chonsecho mafayilowo anali momwemo, mu foda ya pambali, mazanamazana, mayina awo manambala okhaokha oti sungadziwe iyi ndi iti.

"Achimwene," ndinawafunsa tsiku lina, "munati linki ikhoza kuyambira pomwe ili nkungolowa foda ya pambali. Bwanji osakonza?"

"Ndi mzere umodzi wokha," anatero akuseka. "Koma ndikakonza, a Kinsley adzandisungiranji? Buku lizitseguka pa laputopu yanga basi. Ntchito yanga ili pamenepo."

Lachisanu achimwene anapita ku chinkhoswe ku Thambani, laputopu m'chikwama. Masana ake pulogalamu inakakamira, osatulutsa pepala ngakhale limodzi. Foni yawo sinkapezeka. Ndinadina malinki mpaka chala kuwawa, koma ayi ndithu. Panja mathiraki anandandalika, ndipo ya Laston, dalaivala wina wamanja ngati mafosholo, inali ndi karapau wochokera ku Beira. Firiji yake inali itafa panjira, nsomba zitayamba kale kununkha.

Achimwene anafika mawa lake dzuwa lili paliwombo, ali pa kabaza, akuimba mluzu. A Kinsley, amene madalaivala anali atawapanikiza kuyambira m'mawa, anangoloza chala. "Wakuchedwetsani ndi uyo."

Laston sanafunse kanthu. Khofi loyamba linawagwetsa pa njinga. Podzuka anakumana ndi chibakera cha pakamwa, dzino nkugwera m'fumbi. Madalaivala ena anabwera ndi mateche, m'nthiti, m'mimba, kumutu. Ndinathamanga nkumuluma Laston pamkono, iye nkundikankha, mutu wanga nkugunda khoma. Ndili pansi ndinaona achimwene atafungatira chikwama ngati mwana, dzanja lamanja lili pamwamba pake. Laston anatenga sipanala ya matayala. Anaitsitsa kamodzi pa dzanja lija, ndinamva phwa, sindikudziwa ngati anali mafupa kapena galasi. Anaitsitsanso. Achimwene analira kulira komwe sindinakumvepo chibadwire, ndipo madalaivala anabwerera m'mbuyo okha.

Tinawakokera mu ofesi. Zala zinali zitapindikira kosayenera, magazi akuyenderera pa simenti. Laputopu inali zidutswa.

"A Kinsley, galimoto, chonde, tipite kuchipatala."

Bwanayo anaika makiyi m'thumba. "Galimoto sidzuka mpaka mapepala atuluke. Mukufuna madalaivalawa andiotchere ofesi?"

Ndinawada munthu ameneyu tsiku limenelo, ndipo ndimawadabe.

Achimwene anayesa kukumbukira pamtima chochita, koma mutu unali utasokonekera. Anayang'ana zidutswa zija, kenako anayang'ana ine. Ankadziwa chimene akutaya, ndinachiona m'maso mwawo.

"Maureen, khala pa kompyuta," anatero, mawu akutuluka ndi magazi. "Tsegula fayilo ya makonzedwe. Mzere wa malinki uwo. Fufuta adiresi yonse, ndi dzina langa lomwe. Ika madontho awiri ndi kamzere kopendekera, kenako dzina la foda."

Ndinalemba.

"Tsopano ilamule ipange buku kachiwiri."

Kompyuta inang'ung'udza pang'ono nkumaliza. Ndinadina linki, fayilo nkutseguka yomweyo. Vuto lake linali laling'ono mochititsa manyazi, malo osungira manambala a mapepala anali atadzaza, ndipo buku linanena pofufuta. Posakhalitsa pulinta inayamba kulavula mapepala. Loyamba linali la Laston, amene analilandira ndi dzanja lomwe lija, nkutuluka osayang'ana pansi pomwe panali achimwene.

A Kinsley anandisuntha pampando. Anadina linki imodzi, inatseguka. Anadina ina. Anakopera buku lonse pa fulashi, nkukaliyesa pa kompyuta yakale ya pakona, ndipo nakonso linatseguka. Nthawi yonseyi achimwene ali pansi, akubuula.

"Ndiye kuti tsopano likutseguka paliponse?" anafunsa bwanayo.

"Paliponse," anayankha achimwene.

"Ngakhale inu kulibe?"

Achimwene anatseka maso.

Apo m'pamene a Kinsley anatulutsa makiyi. Tili panjira yopita kuchipatala, mutu wa achimwene uli pamiyendo panga, bwanayo analankhula maso ali pamsewu.

"A Vincent, mupumule bwinobwino, musadzivute nkubwera Lolemba. Maureen azidina yekha."